"Aise, ndakutumizira ka link ka sukulu"

Ganyu yanga yoyamba nditangomaliza digiri inali yolemba mauthenga a pa Facebook ndi WhatsApp a koleji ina yomwe si yaboma ku Lilongwe. Dzina lake ndisunga. Lolemba lina abwana anandiitanira mu ofesi. "Mwezi wamawa tikutsegulira koma makalasi sanadzadze," anatero. "Lembani kuti wophunzira aliyense wobweretsa mnzake timuchotserako fizi. Inunso ogwira ntchito, mukabweretsa munthu pali kangachepe."

Ndinalemba, ndipo ndinalemba mokoma. Pamwamba pa positayo ndinaika mawu akuluakulu akuti "yovomerezeka ndi boma". Kenako ndinakumbukira msuweni wanga yemwe ankangokhala kumudzi chikhozereni MSCE, ndipo ndinamutumizira link ndisanafunse chilichonse. Azakhali anagulitsa soya wa chaka chonse ndi mbuzi ziwiri, mwana n'kubwera kutauni.

Patatha chaka, mnzake wa m'kalasi anakafunsira ntchito kwinakwake, ndipo kumeneko anamuuza kuti kozi yawoyo palibe pa mndandanda wa maphunziro ovomerezeka. Nkhani inafala ngati moto wolusa. Foni ya azakhali inandipeza ndili mu minibasi. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Mwanangu, si iwe unatiuza kuti sukuluyi njabwino?" Ndinayankha kuti, "Eya azakhali, ndine," basi mawu n'kundithera.

Chimene sindinkadziwa nthawi imeneyo, ndipo anzanga ambiri sachidziwabe, n'chakuti bungwe la National Council for Higher Education (NCHE), lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, limachita zinthu ziwiri zosiyana. Limalembetsa sukulu kuti izigwira ntchito, komanso limaunika n'kuvomereza makozi ake, iliyonse payokha. Sukulu itha kukhala m'kaundula pomwe kozi imene ukufunayo sinavomerezedwe. Ndiye mawu anga aja sanali bodza lenileni, komanso sanali choonadi chonse. Ine sindinafufuze chifukwa maso anali pa kangachepe kaja.

Musandimve molakwa, kuuzana za sukulu si tchimo. Ambirife tinasankha kophunzira chifukwa cha achimwene, aphunzitsi a ku sekondale kapena munthu wina wa kutchalitchi. Wophunzira amene akusangalala ndi sukulu yake amaposa chikwangwani chilichonse cha mumsewu. Zimasokonekera pamene ndalama yayamba kuwerengeredwa pa mutu wa munthu. Pamenepo mnzako uja wasanduka dobadoba, ngakhale iye mwini sakudziona choncho, ndipo funso loti "kodi sukuluyi ikukuyenera?" limaiwalika.

Ku America vutoli analiona kale. Kuyambira mu 1992, lamulo lawo limaletsa makoleji amene ophunzira ake amalandira thandizo la ndalama kuboma kuti azilipira munthu komishoni potengera kuchuluka kwa ophunzira amene wawakopa. Koma tamverani izi: chiletsocho sichikhudza ophunzira akunja amene akukhala m'mayiko mwawo, monga ine ndi inu. Choncho ejenti amene akukulonjezani malo ku koleji ya kunja atha kukhala kuti akulipidwa mukangolembetsa, ndipo palibe lamulo la kumeneko limene waswa. Si onse akuba ayi, koma mufunseni poyera kuti akumulipira ndani. Woona mtima amayankha mosazungulira.

Mpaka pano ndimalembabe zotsatsa za sukulu, ndi mmene ndimapezera ya lendi. Kungoti masiku ano ndisanalembe liwu limodzi ndimatsegula webusaiti ya NCHE n'kufufuza dzina la kozi, osati la sukulu lokha. Ikakhala ya ntchito zamanja ndimafunsa za TEVETA, ikakhala ya unamwino ndimafuna kuona chilolezo cha Nurses and Midwives Council of Malawi. Mwini sukulu wina anandikwiyira kuti ndikuchita ngati wapolisi. Ntchitoyo inandiphonya, ndipo mwezi umenewo ndinadya bonya mosinthana ndi soya pieces.

Ndimakananso kubisa zoyenereza. Kuti munthu ayambe digiri akufunika ma credit 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Positayo ikangoti "bwerani nonse, malo alipo", mwana wa ma credit 4 amalipira ya fomu ali ndi chiyembekezo chonse, kenako amamulowetsa kozi ina imene sanaifune n'komwe.

Nkhani ya manambala a foni ndiye imandinyansa kwambiri. Pa koleji ija ankagawa mapepala m'kalasi kuti aliyense alembe manambala khumi a anzake, ndipo ife tinkawathira mu gulupu ya WhatsApp eni ake osadziwa. Munadzukapo m'mawa n'kupeza muli mu gulupu ya sukulu imene simunaimvepo? Ndiye kuti wina anakugulitsani pamtengo wa bando. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act, lomwe limayang'aniridwa ndi MACRA, ndipo mfundo yake yaikulu njosavuta: nambala ya munthu ndi yake. Njira yabwino ndi yoti wophunzira apatse mnzake nambala ya sukulu, wofunayo aimbe yekha.

Nanga sukulu ipeza bwanji ophunzira? Zimene ndaona zikuyenda si zodula n'komwe. Tsiku loti makolo ndi ana abwere adzaone makalasi, laibulale ndi zimbudzi zomwe. Omaliza maphunziro amene ali pantchito kubwera kudzayankha mafunso, abwana atatuluka panja. Fizi yonse kulembedwa poyera, kuphatikizapo ya mayeso ndi ya graduation, osati kuitulutsa pang'onopang'ono mwana atalowa kale. Ngati sukulu ikufunabe kuthokoza wobweretsa mnzake, ine ndimaumirira kuti zilembedwe pa positapo, kuti wouzidwayo adziwe kuti mnzakeyo apindulapo.

Msuweni wanga anayambiranso chaka choyamba pa koleji ina. Mndandanda tinauona limodzi pa foni yanga, dzina la kozi tinaliwerenga kawiri. Mwezi uliwonse ndimatumiza kangachepe kwa azakhali pa Airtel Money. Iwo amati ndi ya sopo, ine ndimadziwa kuti ndikubweza mbuzi.

Sabata yatha mnzanga wa ku yunivesite ananditumizira uthenga usiku: "Aise, uli ndi mng'ono wako wofuna sukulu ku India? Ndakutumizira ka link." Ndinamuyankha kuti, "Bho aise, koma iwe akukupatsa zingati?" Ma tick awiri aja anasanduka a buluu. Ndikudikirabe yankho.