Ngati tilibe thanki yaciwiri, Nemo timusiye m'shopu

Zimayamba bwino nthawi zonse. Pa Ciweru tafika pa nyumba na kapulasitiki ka madzi, mkati muli kansomba ka olenji ka mizere itatu yoyera, kaja tinakadziwira mu filimu ya Finding Nemo ya mu 2003. Takatsanulira m'thanki ya galasi mmene muli nsomba zina, tajambula vidiyo, taika pa status. Pa Ciwiri kansomba kaleka kudya ndipo kakupuma mofulumira. Pa Cinai kafa, ndipo nsomba ziwiri zimene takhala nazo caka conse zayamba kudzikhula ku miyala. Apo m'pamene timakamba kuti a m'shopu anatigulitsa nsomba yodwala. Mwina n'zoona. Koma amene anaisakaniza na zinzake tsiku lomwelo ndise.

Maganizo athu ni awa: munthu amene alibe thanki yaciwiri yosungiramo nsomba yatsopano payokha asagule clownfish. Ndipo amene ali nayo kale asathire mankhwala m'madzi asanadziwe cimene cikudwalitsa nsombayo.

Clownfish kwao ni ku nyanja zamcere za Indian na Pacific. Kuno ku Zambia tilibe nyanja yamcere, conco nsomba iliyonse yotere imafika itayenda ulendo wautali m'pulasitiki, itadutsa m'mathanki a amalonda mmene madzi amodzi amazungulira nsomba zambirimbiri. Imafika yolema, ndipo nsomba yolema siicedwa kugwidwa na tuzilombo. M'nyanja, kacilombo kakacoka pa nsomba n'kuswana, ana ake ambiri amatayika m'madzi osapeza nsomba. M'thanki ya malita 100 onse amabwerera pa nsomba zomwe zija.

Cimene cimatisokoneza n'cakuti matenda atatu oopsa kwambiri amayamba mofanana: nsomba imaleka kudya, imapuma movutikira, imadzikhula. Koma tikayang'anitsitsa na toci, amasiyana.

Oyamba amabwera na kacilombo kochedwa Cryptocaryon irritans, ndipo ambiri amangowachula kuti ich. Pa thupi na pa zipsepse pamaoneka tumadontho toyera monga tumibulu twa mcere, tumene tingawerengeke kamodzikamodzi. Pakapita masiku atatu kufika pa 7 tumadontho tumazimiririka, ife n'kusangalala kuti nsomba yacira. Siinacire. Kacilombo kagwera pansi, kadzitsekera m'cikuto pa mcenga kapena pa mwala, ndipo kakugawikana. Kakaswa, tumatuluka twambiri kuposa poyamba.

Aciwiri ni velvet, obwera na Amyloodinium ocellatum. Apa nsomba imaoneka monga yawazidwa fumbi kapena ufa, tumadontho tung'onotung'ono tosawerengeka. Nthawi zambiri kacilombo kamayambira m'makha mmene nsomba imapumira, conco nsomba ingafe fumbi lija lisanaoneke n'komwe. Cizindikiro cina ni nsomba kuima pamene pampu imatulutsira madzi, kufuna mpweya. Cikuto cimodzi ca kacilomboka cingatulutse ana ofika 256, ndiye cifukwa cake velvet imatha kupululutsa thanki yonse m'masiku ocepa.

Acitatu ni Brooklynella hostilis, amene amagwira clownfish kwambiri cakuti amachedwa matenda a clownfish, makamaka zogwidwa m'nyanja. Khungu limakutidwa na zoterera zoyera monga mamina, ndipo limaoneka ngati likusupuka. Kacilombo aka kamaswana pa thupi la nsomba pomwepo, ndipo kangaphe m'masiku awiri cabe.

Kusiyanitsa kumeneku kuli na nchito cifukwa mankhwala ake ni osiyana. Ich na velvet amafa na mankhwala a kopa. Brooklynella kopa siimuletsa bwino, amafuna formalin. Kucepetsa mcere m'madzi kucoka pa 1.025 kufika pa 1.009 kumathandiza pa ich cabe, velvet amapirira. Nyongolotsi zopyapyala zomata pa khungu na m'makha zimafuna praziquantel. Nsomba imene ikuonda ndipo ikutulutsa cimbudzi coyera conga ulusi ingakhale na tuzilombo m'matumbo, ndipo mankhwala ake, monga metronidazole, amasakanizidwa m'cakudya. Palinso tuzotupa toyera pa zipsepse, toumbika monga kolifulawa, tumene tumabwera na vairasi yochedwa lymphocystis. Utu tumatha tokha madzi akakhala aukhondo, ndipo kuthira kopa n'kungovutitsa nsomba.

Tonse tidziwa zimene amacita ku kiliniki tikapita na thupi lotentha. Amayamba atilasa cala kupima malungo, Coartem ibwera pambuyo. Koma nsomba ikadwala timathamangira m'shopu kukagula botolo iliyonse imene ili na cithunzi ca nsomba, timaonjezera adyo cifukwa wina pa YouTube anatero, mawa lake tathira botolo ina. Adyo angathandize nsomba kufuna kudya, koma sapha tuzilombo tumeneti. Tsiku lililonse limene tataya pa mankhwala olakwika, Brooklynella na velvet sakuyembekeza.

Pali njira yosafuna ndalama zambiri imene imathandiza kupima. Timaika nsomba m'madzi opanda mcere, ocotsedwa klorini, otentha mofanana na a m'thanki ndiponso a pH yofanana, kwa mphindi zitatu kufika pa zisanu, maso ali pa nsomba. Ngati ili na nyongolotsi za pa khungu, zimayera n'kugwera pansi pa mbale, tingazione na maso. Pa velvet na Brooklynella kusambika kumeneku kumapatsa nsomba mpumulo wa kanthawi, koma sikuciritsa.

Manje apa m'pamene thanki yaciwiri ilowera. Kopa imapha makorali, anemone, nkhono na tushirimpi, ndipo miyala na mcenga zimaiyamwa n'kumaitulutsa pang'onopang'ono pambuyo pake. Siithiridwa m'thanki yaikulu. Mlingo wake nawo ni wovuta: ikacepa siipha kacilombo, ikaculuka imapha nsomba, conco imafuna kupima madzi tsiku na tsiku na copimira cogwirizana na mtundu wa kopa umene tagula. Olo kuti ndise a dziko la kopa, kuponya kawaya ka magetsi m'madzi si mankhwala. Formalin nayo ni poizoni ngakhale kwa ife, ingayambitse khansa, ndipo imacepetsa mpweya m'madzi. Imafuna magulovu, mawindo otsegula na pampu ya mpweya.

Matenda akalowa m'thanki yaikulu, nsomba zonse ziyenera kutuluka, ngakhale zooneka zaumoyo, kuti tuzilombo tufe na njala. Pa velvet anthu amasiya thanki yopanda nsomba mawiki 6. Pa ich ambiri amadikira masiku 76, cifukwa zikuto zina zinaonedwapo zikuswa patapita masiku 72. Ni miyezi iwiri na hafu tikuyang'ana galasi la miyala yokhayokha, cifukwa ca Ciweru cimodzi cimene tinafulumira.

Ena amatsutsa. Amati thanki yaciwiri ni ndalama, ndipo kusamutsa nsomba kawiri kumailemetsa kuposa kuiika kamodzi m'malo abwino. Amatinso nsomba yodya bwino imalimbana na ich yokha. Mbali ina akamba zoona. Thanki yokonzedwa mwamsangamsanga, imene fyuluta yake siinakhwime, ingaphe nsomba na ammonia matenda asanaiphe. Komanso nsomba zina zimakhaladi na ich wocepa kwa nthawi yaitali osafa. Koma nsomba zotero zimasungabe kacilombo, ndipo yatsopano ikalowa, kapena magetsi akazima usiku wonse madzi n'kuzizira, matenda amabuka. Kuzima kwa magetsi sitifunika kuuzidwa, tinakuona mu 2024 madzi atacepa ku Kariba. Ndipo mfundo ya nsomba yolimba siigwira pa velvet na Brooklynella, amene amapha thupi lisanayambe n'komwe kudziteteza.

Pa nkhani ya ndalama, thanki ya kwarantini siifuna zokongoletsa. Malita 40 akwanira tunsomba tuwiri tung'ono. Ifuna hita, fyuluta ya siponji imene yakhalako mawiki angapo m'madzi okhwima, tuzidutswa twa paipi ya PVC tobisalamo, kaukonde kakekake, na kapampu ka mpweya ka mabatire. Mcenga na miyala ayi. Nsomba yatsopano ikhalemo mawiki anai kufika pa 6, tikuiona mmene ikudyera na kupumira. Tikayerekezera na mtengo wa nsomba zonse zimene zingafe, thanki imeneyi ndiyo cinthu cochipa pa zonse tagula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pogula, tizifunsa ngati nsomba inabadwira m'thanki kapena inagwidwa m'nyanja, cifukwa clownfish zimaswana bwino m'mathanki ndipo zobadwira mmenemo kambiri sizibwera na Brooklynella. Tizifunsa kuti yakhala masiku angati m'shopu, tizipempha kuti aidyetse tikuona, ndipo tiziyang'ananso nsomba zina zimene zikugawana nayo madzi. Wogulitsa akakana, ticoke na ndalama zathu.

Clownfish yosamalidwa bwino imakhala zaka zopitirira 10. Ikafa patapita masiku asanu, cina cake cinalakwika, ndipo mbali ina ya ulendo wake inali m'manja mwathu. Ngati mwezi uno ndalama zikukwana cinthu cimodzi cabe, tigule thanki yaciwiri. Nemo tidzamugula mwezi wamawa.