Zitsamba zikalowa m'botolo, ziyambe zayesedwa

Kuchokera ku Benga, kudutsa pa boma la Nkhotakota mpaka ku Dwangwa, tsiku la msika simulephera kumva chimkuzamawu cha wogulitsa mankhwala azitsamba. Botolo limodzi akuti likuchiza shuga, BP, likodzo ndi zilonda za m'mimba, n'kubwezeranso mphamvu za abambo m'nyumba. Koma mukalitenga m'manja, simupezapo dzina la mtengo, tsiku limene anakonza, kapena mlingo wa mwana ndi wa wamkulu.

Zitsamba sindizinyoza ayi. Tonse takula ndi nimu, muwawani ndi chammwamba. Ngakhale LA, amene dziko lino lidayamba kuchizira malungo mu 2007, gwero lake ndi chitsamba cha Artemisia annua chimene anthu a ku China adachidziwa kalekale. Kusiyana kwake n'kwakuti akatswiri adachiyesa, adapeza mlingo woyenera, adadziwanso amene sayenera kumwa.

Sing'anga wa m'mudzi amadziwa wodwala wake, ndipo zikavuta abale amadziwa khomo lokagogoda. Wa chimkuzamawu lero ali kuno, mawa ali ku Salima. Munthu akatupa miyendo kapena impso zikaleka kugwira ntchito, tikamufunsa ndani?

Kuno kunyanja nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota imadziwa kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi kashembe. Amayamba ngati malungo, kutentha thupi ndi mutu, koma mtundu umene uli kuno umathamanga, ndipo wosalandira chithandizo amamwalira pa miyezi yowerengeka. Sabata zimene munthu amatha akumwa za m'botolo ndi zomwezo zimene tizilombo timalowera ku ubongo. Likodzo nalo, limene lasautsa asodzi ndi ana osambira m'madooko, lili ndi mankhwala ake odziwika a praziquantel. Ukalinyengerera limawononga chikhodzodzo mwakachetechete. Nanga mwanamphepo? Anamwino akhala akudandaula kuti amayi ena amafika kuchipatala chiberekero chitang'ambika chifukwa cha mankhwala ofulumizitsa matenda a uchembere, omwedwa popanda mlingo.

Ena amati mabotolo ochokera kunja ndiwo odalirika poti ali ndi zolemba zokongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziko la India lili ndi Ayurveda, luso la zitsamba la zaka zikwi zambiri, ndipo mu 2014 lidakhazikitsa unduna wonse woyang'anira zimenezi. Komabe mu 2004 ofufuza a ku Boston ku America atayesa mankhwala 70 a Ayurveda ogulidwa m'masitolo, adapeza kuti 14 anali ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Pafupi pompa, mu 2019 dziko la Zambia lidaletsa chakumwa china chopatsa mphamvu chotchedwa chachilengedwe zitadziwika kuti munali sildenafil, mankhwala a mu Viagra. Bambo wodwala mtima akamwa zotere osadziwa, akhoza kugwa osadzukanso.

Lamulo tili nalo. Mu 2019 lamulo latsopano lidabweretsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndipo bungweli lakhala likuchenjeza za kutsatsa mankhwala azitsamba popanda chilolezo. Koma chenjezo lolembedwa ku Lilongwe silifika lokha padooko la Chia. Pafunika oyendera misika amene azigula mabotolo n'kukawayesa, zotsatira zake n'kuzilengeza m'Chichewa pa wailesi za m'madera. Khonsolo imene imatolera ndalama za msika isamangodula tikiti, izifunsanso chimene munthu akugulitsa. Nazo nyumba zoulutsa mawu zileke kulandira ndalama za malonda olonjeza kuchiza Edzi ndi khansa. Tidaona mu 1995 anthu zikwizikwi akukhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe, koma Edzi sidathe.

Asing'anga enieni asaope kuyesedwa, pakuti ndiko kudzawasiyanitse ndi atambwali. Bungwe lawo la MTHUO ligwirane manja ndi akatswiri a ku sukulu ya ukachenjede ya KUHeS ndi a National Herbarium ku Zomba, kuti mtengo uliwonse udziwike dzina, mphamvu ndi kuopsa kwake. Boma nalo lichepetse mtengo wolembetsa, kuti mayi wodziwa mizu wa kwa Malengachanzi asatsekeredwe kunja pomwe amalonda a ndalama akudutsa.

Inu ogula, funsani musanatulutse ndalama: muli chiyani umu, wakonza ndani, ndimwe wochuluka bwanji? Ngati mukumwa ma ARV kapena mankhwala a BP, auzeni adokotala za zitsamba zimene mukuphatikiza, ndipo musasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha malonjezo a pamsika. Thupi likatentha masiku awiri, pitani mukayezetse magazi. Wogulitsa amene akukwiya mukamufunsa mafunso atatu aja, musiyireni botolo lake.