Chenjezo kwa Amalawi a ku Alexandra: bayitsani ana katemera wa chikuku sabata ino

Mayi kapena bambo aliyense wokhala ku Alexandra amene mwana wake sanabayitse katemera wa chikuku, kapena anabayitsa kamodzi kokha, apite naye ku kiliniki sabata ino. Musadikire malipiro a kumapeto kwa mwezi, chifukwa katemerayu salipiritsa. Musanene kuti mukamubayitsa kumudzi mukapita pa Disembala, chifukwa matendawa akhoza kumupeza ulendowo usanafike.

Chikuku chinabuka ku Limpopo mu Okutobala 2022, ndipo pasanathe miyezi yambiri chinali chitafika ku Mpumalanga, North West, Free State ndi kuno ku Gauteng. Mu 2025 bungwe la NICD, lomwe limalondoloza matenda opatsirana muno mu South Africa, linalengezanso za odwala ambiri ku Johannesburg, Tshwane ndi Ekurhuleni. Ife Amalawi nthendayi timaidziwa bwino. M'chaka cha 2010 inagwira anthu oposa 130,000 kwathu, ndi kupha oposa 300. Ku Zimbabwe, komwe mabasi athu amadutsa popita ku Mwanza, inapha ana oposa 700 mu 2022, ndipo ambiri mwa iwo anali osabayitsa.

Chikuku chimayenda ndi mpweya. Mwana wodwala akatsokomola m'chipinda n'kutuluka, kachilomboko kamatsala m'mwamba mpaka maola awiri. Pa anthu 10 osatetezedwa amene ayandikana ndi wodwala, 9 amatenga. Choopsa kwambiri n'chakuti mwana amayamba kupatsira anzake masiku anayi zidzolo zisanatuluke, pamene mayi ake akuganiza kuti ndi chimfine wamba, akumusiya ku kireshi m'mawa n'kuthamangira kuntchito ku Sandton. Tsopano taganizirani mmene timakhalira kuno. Kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 180,000 pa malo osakwana masikweya kilomita 7, ndipo aliyense amene anayendapo ku Setswetla m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei akudziwa kuti lero tachuluka kuposa pamenepo. Mabanja angapo pabwalo limodzi, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi, ana onse akusewera pamodzi m'kanjira kopapatiza. M'chipinda chimene muli kama, mbaula ndi anthu asanu, wodwala mungamupatule pati?

Zizindikiro zake ndi izi: thupi limatentha kwambiri, mwana amatsokomola, mamina amatuluka, maso amafiira ndi kulengeza misozi. Patapita masiku ochepa zidzolo zimayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu n'kumatsikira m'thupi lonse. Ambiri amachira, inde. Koma amene sachira amaphedwa ndi chibayo, kutsegula m'mimba kapena kutupa kwa ubongo, ndipo ena amatsala akhungu kapena ogontha. Ngakhale wochirayo amatsala wofooka kwa nthawi yaitali, chifukwa chikuku chimafafaniza chitetezo chimene thupi linali litapanga kale ku matenda ena. Mankhwala opha kachilomboko palibe. Chimene chilipo ndi katemera, ndipo mwana akabayidwa kawiri amatetezedwa pafupifupi kotheratu, ana 97 pa 100 alionse.

Chifukwa chimene ambiri akuzengerezera ndikuchidziwa, ndipo sindikuchipeputsa. Mliri wa Covid-19 unatisiyira bala. Boma litatseka dziko pa 27 Malichi 2020, asilikali analowa mu Alexandra ndi mfuti. Pa 10 Epulo chaka chomwecho, tsiku la Lachisanu Loyera, a Collins Khosa anamwalira atamenyedwa pakhomo pawo penipeni kuno ku Alexandra, pa nkhani ya mowa wopezeka pabwalo. Zinatengera Bwalo Lalikulu la ku Pretoria, kudzera mwa woweruza Hans Fabricius mu Meyi 2020, kukumbutsa boma kuti ngakhale pa nthawi ya mliri munthu ali ndi ufulu wokhala ndi moyo ndi wosazunzidwa. Anthu amene anaona zimenezo ndi maso awo, patangotha chaka anauzidwa kuti atambasule mkono abayidwe, ena n'kuopsezedwa kuti akakana ntchito iwathera. Munthu wotere akakayika, sindingamutche mbuli. Amene anagwiritsa ntchito nkhanza m'dzina la zaumoyo anawononga chikhulupiriro cha anthu, ndipo ana athu ndi amene akulipira lero.

Koma chowawa chimenecho chisatitseke maso pa zimene zinachitikadi. Tinauzidwa kuti obayitsa onse adzafa pakatha zaka ziwiri. South Africa inayamba kubaya pa 17 Febuluwale 2021, anamwino ndi madokotala ndiwo anali oyamba, ndipo ndi omwewo amene akutilandira m'zipatala mpaka lero. Tinauzidwa kuti akazi sadzaberekanso, koma ku sikelo kukudzazabe ndi makanda. Tinauzidwa za nambala ya chilombo, ndipo mantha amenewa anakula pamene ngakhale amene anali mkulu wa oweruza m'dziko muno, a Mogoeng Mogoeng, anapemphera poyera ku chipatala cha Tembisa mu Disembala 2020 motsutsa katemera aliyense wochokera kwa Satana. Mauthenga a pa WhatsApp anawoloka malire mofulumira kuposa basi, n'kukafika kwa makolo athu ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay. Pa 19 Meyi 2021 nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, mayi Khumbize Kandodo Chiponda, inatentha katemera wa AstraZeneca 19,610 ku Kamuzu Central Hospital chifukwa anali atadutsa masiku ake asanabayidwe. Izi zinachitika patangopita miyezi inayi kuchokera tsiku lija la 12 Januwale pamene Malawi anataya nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, tsiku limodzi. Kuno, boma linawerenga anthu oposa 100,000 ophedwa ndi Covid-19, pamene bungwe lofufuza zaumoyo la SAMRC linapeza kuti imfa zopitirira zimene zimayembekezeka zinali pafupifupi 300,000. Aliyense amene anasonkhapo ndalama zonyamulira maliro kupita kumudzi m'nyengo yozizira ya 2021 akudziwa kuti manambala amenewa anali anthu enieni.

Sindikunena kuti katemera alibe vuto lililonse. Amene amanena choncho amanama, ndipo bodza lawo ndi limene limadyetsa mphekesera. Mu Epulo 2021 boma linaimitsa kaye katemera wa Johnson & Johnson pofufuza za kuundana kwa magazi, ndipo mu Ogasiti 2022 bungwe loona za mankhwala la SAHPRA linalengeza lokha kuti munthu mmodzi anamwalira ndi matenda a mitsempha otchedwa Guillain-Barré atabayidwa katemerayo. Zimenezi sizinabisidwe, zinanenedwa poyera, pakati pa mamiliyoni a anthu obayidwa. Katemera wa chikuku ndi wina, ndi wakale, wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira 1963. Ambiri a inu amene mukuwerenga munabayidwa muli kumsana kwa amayi anu. Zimene amachita kawirikawiri ndi kutupitsa pang'ono pobayidwa, kutenthetsa thupi tsiku limodzi kapena awiri, nthawi zina tizidzolo tochepa tosapatsirana. Mwana akachita zoposa apo, bwererani naye ku kiliniki msanga ndipo munene kuti anabayidwa liti.

Nanga ufulu? Ulipo, ndipo ine ndikuuikira kumbuyo. Gawo 12 la malamulo aakulu a South Africa limati munthu ali ndi ulamuliro pa thupi lake. Boma silinakakamize nzika zonse kubayitsa Covid-19, ndipo milandu ya ochotsedwa ntchito itafika ku bungwe loweruza milandu ya pantchito la CCMA ena anapambana, ena anagonja, chifukwa nkhaniyi ndi yovutadi. Kwathu nako, mu Epulo 2020, woweruza Kenyatta Nyirenda analetsa boma kutseka dziko masiku 21 lisanakonze mmene osauka adzadyere, ndipo ndimaona kuti anachita bwino. Munthu wamkulu akati thupi langa sindibayitsa, sindingamutumizire apolisi. Ndikhoza kukhala naye pansi, kukambirana, kumuchonderera.

Koma thupi la mwana si thupi lanu. Mwana wa miyezi 8 sanawerenge uthenga wa pa foni, sanamve ulaliki, sanasankhe kanthu. Malamulo omwewo, pa gawo 28, amati pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, chomukomera mwanayo ndicho chimatsogola. Ndipo mwana wanu sakhala yekha. Kuseri kwa lata lanu kuli khanda la miyezi itatu limene msinkhu wobayidwa sunakwane. Kuli mayi woyembekezera amene saloledwa kulandira katemerayu, ndipo chikuku chikhoza kumuchotsera pakati. Kuli mwana amene thupi lake lafooka ndi HIV kapena njala. Anthu amenewa sangathe kudziteteza. Chowatchinga ndi ana a anzawo amene anabayidwa. Akatswiri amati pafunika ana 95 pa 100 akhale obayidwa kawiri kuti chikuku chisowe podutsa. Makolo ochepa chabe pabwalo limodzi akakana, mpandawo wagumuka, ndipo woyamba kugwa nthawi zambiri sakhala mwana wa wokanayo. Pamenepo chosankha chanu chasanduka chiweruzo pa khanda la mnzanu amene simunamufunse.

Pali enanso ambiri amene sakana katemera konse, koma akuopa pachipata. Awa ndiwo andikhudza mtima kwambiri. Alexandra ndi kumene kunayambira ziwawa zothamangitsa alendo pa 11 Meyi 2008, zimene zinapha anthu 62 m'dziko lonse, ndipo m'zaka zaposachedwa magulu onga Operation Dudula akhala akuima pa zipata za makiliniki ku Gauteng kufunsa ziphaso. Mayi amene pasipoti yake inatha masiku amaona kuti kuli bwino akhale m'nyumba ndi mwana kusiyana n'kukanyozedwa pamzere. Mayi, mvetserani bwino. Gawo 27 la malamulo a dziko lino limapereka ufulu wa chithandizo cha zaumoyo kwa aliyense, silinena kuti nzika zokha. Mu Epulo 2023 Bwalo Lalikulu la ku Johannesburg, pa mlandu umene bungwe la SECTION27 linabweretsa, linalamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma posatengera dziko lochokera kapena mapepala. Mu Novembala 2025 bwalo lomwelo linagamula kuti a Operation Dudula alibe mphamvu yofunsa munthu chiphaso kapena kumutsekereza pa chipatala. Chigamulo sichichotsa mantha tsiku limodzi, ndikudziwa. Ndiye musapite nokha. Pitani amayi atatu kapena anayi, m'mawa kwambiri, pamodzi ndi mnansi wa kuno amene amakudziwani. Akakubwezani pa kiliniki imodzi, pitani pa ina tsiku lomwelo, ndipo nkhaniyo muifikitse ku SECTION27 kapena ku Lawyers for Human Rights.

Abambo, nkhaniyi musaisiyire amayi okha. M'nyumba zambiri mayi amafuna kupita koma akudikira chilolezo chanu, kapena ndalama ya takisi, kapena munthu womuperekeza. Pemphani theka la tsiku kuntchito. Ndipo inu abusa, mashehe ndi atsogoleri a magulu a maliro ndi a zipeleganyu, anthu amamva inu kuposa nduna ya pa wailesi. Mliri wa ku Zimbabwe uja unafala kwambiri kudzera m'misonkhano ya mapemphero ya mipingo imene inkaletsa anthu ake kupita kuchipatala. Lamlungu likudzali, kapena Lachisanu pa Juma, funsani makolo kuti abwere ndi makadi a ana. Pemphero ndi jakisoni sizilimbana.

Tsegulani kabuku ka mwana ka Road to Health lero madzulo. Kuno katemera wa chikuku amabayidwa pa miyezi 6 ndi pa miyezi 12, ndipo tsopano amaphatikiza ndi wa rubella. Kwathu amabaya pa miyezi 9 ndi 15, choncho mwana amene anabwera kuno ali ndi chaka chimodzi akhoza kukhala kuti anangolandira woyamba, wachiwiri n'kuiwalika pa ulendo. Tengani kabuku ka ku sikelo ka ku Malawi kaja, anamwino akaona pamene panatsala. Ngati kanatayika kapena kanapsa, pitanibe; kubaya mwana kachiwiri mosadziwa sikumupweteka, ndipo ngakhale wadutsa msinkhu amabayidwabe. Alexandra Community Health Centre ndi makiliniki a ku 4th Avenue, 8th Avenue ndi East Bank ali pafupi nanu.

Amene mukukonza ulendo wa kumudzi, bayitsani ana milungu iwiri kapena itatu musanakwere basi, chifukwa chitetezo chimatenga nthawi yotero kuti chikhwime. Ulendo wodutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza ndi masiku awiri kapena kuposa m'galimoto yotseka mawindo, ndipo kumapeto kwake kuli makanda a achemwali anu amene adzakhala akulandirana pamiyendo ndi mwana wanuyo.

Ngati mwana watentha kale thupi ndipo maso afiira, musamutumize ku kireshi, kusukulu kapena ku tchalitchi. Musamutsekere m'nyumba kudikira kuti zidzolo zituluke zonse, ndipo musamuthire kanthu kalikonse m'maso. Mupatseni madzi ndi bere pafupipafupi, mupite naye ku kiliniki, ndipo mukafika pakhomo uzani namwino nthawi yomweyo kuti mukukayikira chikuku, kuti asamukhazike pamzere umodzi ndi makanda. Kumeneko akamupatsa vitamini A, amene amateteza maso ndi kuchepetsa ngozi ya imfa. Auzeninso anansi a pabwalo panu tsiku lomwelo, chifukwa mwana wosabayitsa amene wayandikana ndi wodwala akhoza kutetezedwa ngati abayidwa pasanathe masiku atatu. Mwana akayamba kupuma mothamanga, kukomoka kapena kukana kuyamwa, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177, ngakhale pakati pa usiku.