Kafukufuku wa Aphunzitsi Asamathere M'mashelefu

Boma litayambitsa maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera mwadzidzidzi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi anaperewera, motero boma linalemba ntchito anthu zikwizikwi amene anali asanapondeko ku koleji. Pofuna kuwasula mwachangu, mu 1997 linakhazikitsa ndondomeko ya MIITEP: miyezi itatu ku koleji, zotsalazo akaphunzire ali kale pantchito. Amene anatiuza zoona za mmene ndondomekoyi inkayendera sanali andale. Anali akatswiri a bungwe lofufuza za maphunziro la CERT ku Chancellor College, mogwirizana ndi anzawo a ku University of Sussex, amene anakakhala pansi m'makoleji ndi m'makalasi. Anapeza kuti alangizi sankawayendera mokwanira aphunzitsi atsopanowo, ndiponso kuti ku koleji ankangowalembetsa manotsi kwinaku akuwauza kuti mwana amaphunzira bwino akamachita yekha zinthu. Kafukufuku wotere ndi amene ife tikuti ayenera kukhala muyeso wa sukulu yosula aphunzitsi, kaya ku Chancellor, ku Domasi kapena ku Nalikule. Kuchuluka kwa mikanjo ndi zisoti pa tsiku lomaliza maphunziro n'kokoma m'maso, koma sikutiuza ngati mwana wa Sitandade 2 akutha kuwerenga dzina lake.

Ena anena kuti dziko losauka silingamataye ndalama pa mapepala pamene mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pa tsinde, choko chikuthera m'zala. Ndi nkhawa yomveka. Koma kalasi lomwelo ndilo likusoweka womufunsa mafunso oyenera: kodi ana akhale m'magulu a angati, buku limodzi aligawane bwanji, nanga amene wakhala kumbuyo kwenikweni akumva chiyani mphepo ikamawomba? Kulakwitsa ndondomeko ya dziko lonse n'kodula kuposa kulipirira mafuta a galimoto yopita kukaona sukulu makumi awiri. Enanso amati za kaphunzitsidwe anazifufuza kale kunja, ife tingotengera. Zoona, zambiri n'zothandiza, komatu zinayesedwa m'zipinda za ana ochepa, aliyense ndi mpando wake, ndipo sizinakumanepo ndi mwana wa ku Mangochi amene kunyumba amalankhula Chiyao, buku lake lili m'Chichewa, mayeso akumudikira m'Chingerezi.

Nkhani ya chilankhuloyi ndi imene ikuonetsa poyera pamene tikutsimphina. Mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linatembenuza zinthu n'kuika Chingerezi patsogolo. Makolo ambiri anakondwera, ndipo sitiwanena, poti amaona kuti ntchito zabwino zimapita kwa odziwa Chingerezi. Komabe kusintha kwakukulu chonchi kumayenera kutsamira pa umboni wochokera m'makalasi athu, ndipo oyenera kuusonkhanitsa ndi omwewo amene amasula aphunzitsi, chifukwa chaka chilichonse ophunzira awo amamwazikana m'maboma onse kukayeserera ntchito. Maso ali kale m'sukulumo, chosowa ndi ndalama ndi wowamvera.

Nawonso akatswiriwo asadzichotse pa mlandu. Zimene apeza amazilemba m'Chingerezi chozama, m'magazini a kunja amene mphunzitsi wamkulu wa ku Nsanje sadzawaona n'komwe. Masamba awiri okha a m'Chichewa chomveka, otumizidwa ku ma TDC kumene aphunzitsi amakumana kale ndi alangizi awo, angafike m'manja mwa munthu amene Lolemba m'mawa adzaime kutsogolo kwa anawo.