Musaseke chipewa changa

Ena munandiseka dzulo ku chigayo nditavala chipewa cha mlaza chokhala ndi bango lopingasa pamwamba. Sekani ndithu, koma mundimvere kaye.

Nzeru imeneyi si yanga. Mwana wanga wa ku Lilongwe anatumiza pa WhatsApp chithunzi cha ana a sukulu ina ku Hangzhou, ku China. Mu Epulo 2020 anawo anabwerera m'kalasi atavala zipewa za mapiko aatali, zopangira kunyumba ndi makatoni, kuti asayandikane. Mdzukulu wanga atachiona anathamangira kudambo, wadula bango lotalika mamita awiri, wasokera pa chipewa changa chakumunda. Mita uku, mita uku.

Mu 2021 a zaumoyo ankati titalikirane mita imodzi. Kunena n'kosavuta. Koma inuyo mungabweze dzanja la apongozi anu? Amfumu akubwera kudzakupatsani moni, inu n'kumabwerera chafutambuyo? Mawa mudzi wonse udzati wagulitsa mtedza uja wayamba matama. Vuto lathu kuno si umbuli ayi, ndi ulemu. Ndiye chipewachi chimandiyankhulira. Munthu akayandikira, bango limamukodola paphewa, amaphulika kuseka n'kusendera yekha. Palibe wokwiya. Achimwene anga amene anandikwiyira sabata yathunthu nditawakana dzanja, dzulo anayimira patali n'kumawomba m'manja, misozi ili mbwee ndi phwete.

Matendawa si nthabwala. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinatisiya tsiku limodzi. Ngati akutenga anthu okhala pafupi ndi madokotala, nanji ife? Ndipo zotitsekera m'nyumba masiku 21 zija khoti linaletsa mu 2020. Kumunda, kumjigo, kumsika tizipitabe basi.

Sindikunamizeni, chipewachi si mankhwala. Masiki ya chitenje ndimavalabe, mpondagiya ali pakhomo ndi sopo wake. M'minibasi ya ku Boma sichilowa. Pamzere wa feteleza bango linathyoka ndisanafike n'komwe kutsogolo. Pamaliro sindingavale, kumeneko n'chipongwe, ndipo ndi pomwe timathithikana kwambiri. Apo mutu wandiima.

Koma kwa ana chingagwire. Aphunzitsi, tayesani ndi a Sitandade 1 ndi 2, bango kudambo kuno ndi laulere. Mungodula nsonga bwino, langali linatsala pang'ono kulasa diso la mayi a kunyumba.