KABYULETA YODONTHA IKONZEDWE MSANGA

Munthu woyenda m'mamawa pa msika wa m'tauni ya Kafue sangalephere kumva fungo la petulo pamalo poima njinga zamoto. Akayang'ana pansi pa njinga zina zakale, aona dothi lonyowa, ndi kapaipi ka kunsi kwa kabyuleta kalikudontha. Mwini njinga akafunsidwa amangoti njingayo yakalamba. Atero, agogoda kabyuleta ndi sipanala, kudontha nkuleka pang'ono, iye nkuyamba ulendo wa ku Chanyanya kukatenga nsomba.

Mkhalidwe umenewu ngwoipa. Kudontha kwa kabyuleta sikucokera ku ukalamba wa njinga ai. Njinga monga Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975, ndi Yamaha AG100 ya mu 1973, zinapangidwira miseu ya kumidzi, ndipo zikasamalidwa zimatumikira zaka zambiri. Cimene cimavuta ndi kanthu kakang'ono kamene munthu wodekha angakonze m'mawa umodzi.

Petulo amatsika kucokera m'thanki, kupyola pa kampopi, nalowa m'kambale kamene kali kunsi kwa kabyuleta. M'kambalemo muli kanthu koyandama kamene amakaniko amati floti. Petulo akamadzaza, floti imakwera ndi kukankha kasingano kamene kamatseka khomo lolowera petulo. Ngati kasinganoko sikatseka bwino, petulo saleka kulowa, ndipo amasefukira kunja. Kawirikawiri comwe cimaletsa kasingano kutseka ndi kamcenga kapena dzimbiri locokera m'thanki. Kumidzi kumene kulibe malo omwetsera mafuta, anthu amagula petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu, ndipo zinyalala zimalowera pomwepo. Kugogoda ndi sipanala kumangosuntha cinyalalaco, mawa cibweranso.

Wofuna kukonza atulutse njinga pabwalo, kutali ndi moto, ndipo ayembekeze injini izizire. Atseke kampopi, atsanulire petulo wa m'kambale m'citini, namasule kambaleko. Kenaka akweze floti ndi cala mosakakamiza, natsegule kampopi. Petulo akaleka kutuluka, ndiye kuti kasingano kali bwino. Akapitiriza kudontha, kasingano kacotsedwe, katsukidwe pamodzi ndi khomo lake, ndipo ngati kunsonga kwake kwadyeka mzera, kagulidwe kena. Floti nayo igwedezedwe pafupi ndi khutu: mukamveka petulo m'kati mwake, yabooka, ndipo siingayandamenso. Gasiketi ya kambale ikauma ndi kusweka, isinthidwe. Kumata ndi sopo kapena guluu nkudzinyenga, pakuti zomatazo zimanyenyeka ndi kukatseka timabowo ta m'kati. Timabowo timeneti tisatokosedwe ndi waya, cifukwa tikakula njinga imayamba kumwa petulo wambiri. Potsiriza, kasefa kakang'ono kaikidwe pa paipi yocokera ku thanki, ndipo kampopi kazitsekedwa nthawi zonse njinga ikaima.

Ena adzati dontho ndi kanthu kacabe. Koma akulu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo. Zambia alibe zitsime za mafuta. Petulo yense amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, nayenda mtunda wautali kucokera ku madoko monga Dar es Salaam ndi Beira. Mu Disembala 2021 Boma linaleka kuthandizira pa mtengo wa mafuta, ndipo aliyense anaona m'mene mtengo unakwerera. Petulo wothira dothi usiku wonse ndi ndalama ya unga ndi ya sukulu ya ana.

Kutaya ndalama ndi mbali imodzi cabe. Petulo wosefukira nthawi zina amatsikira m'injini nasakanizika ndi oilo. Oiloyo amasungunuka, zitsulo nkuyamba kudyana, ndipo amene anakana kugula kasingano amadzagula injini. Coopsa koposa ndi moto. Poopa mbala, anthu ambiri amagoneka njinga m'nyumba momwe mugona ana, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi m'nyumba momwemo mumakhala mbaula. Mpweya wa petulo ngwolemera, umakwawa pansi, ndipo ungayake ngakhale khala lamoto liri capatali. Nyumba yaudzu siicedwa kupsa.

Nchito imeneyi si ya eni njinga okha. Eni masitolo a zitsulo m'Kafue asamangogulitsa kabyuleta yathunthu; asungenso tisingano, mafloti ndi magasiketi, kuti wosauka agule cokhaco cimene caonongeka. Amakaniko auze eni njinga zoona, ndi kuwasonyeza pamene pavuta. Magulu a alimi ndi a asodzi a ku Chanyanya, Chikupi ndi Chiawa angacite bwino kuitana makaniko wodziwa nchito kuti aphunzitse anyamata awo tsiku limodzi, popeza njinga ikafera kutali ndi tauni, nsomba zimaolera panjira ndipo wodwala safika ku cipatala.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Mwini njinga aliyense amene waona dothi lonyowa pansi pa njinga yake aikonze lero, asanailowetse m'nyumba madzulo ano.