Khutu silimva dzina la kampani

Pali matenda amene afalikira pakati pa ife achinyamata, kuyambira m'mahositelo a ku koleji mpaka pa siteji ya minibasi pa Lirangwe. Matendawa ndi okhulupirira kuti nyimbo imakoma chifukwa cha chilembo chimene chadindidwa pa hedifoni kapena pa sipika. Munthu amalolera kudya nsima ya soya mwezi wathunthu, ena mpaka kudula ndalama ya upkeep, n'cholinga choti aoneke ndi timahedifoni toyera m'makutu kapena sipika yolembedwa JBL m'manja. Ine ndikuti, kwa munthu wokhala ku Chileka kapena ku Lirangwe, zipangizo zotchuka chifukwa cha malonda a pa TV ndi pa intaneti sizifanana ndi mtengo wake. Ndipo zifukwa zake si za umphawi wokha ayi.

Tiyambe ndi kumene ndalama yanu imapita. Kampani ya Beats inayambitsidwa mu 2006 ndi woimba Dr. Dre ndi mkulu wa zojambula nyimbo Jimmy Iovine. Anthu awiriwa luso lawo lalikulu linali lodziwa kugulitsa anthu otchuka. Pa masewero a Olympics a ku London mu 2012, othamanga ambiri anaoneka atavala Beats zimene anachita kupatsidwa ulele. Pa World Cup ya 2014 ku Brazil, FIFA inaletsa osewera kuvala Beats m'mabwalo chifukwa Sony ndiyo inali italipira, koma Beats inatulutsa kanema wa malonda wokhala ndi Neymar, ndipo dziko lonse linauona. Chaka chomwecho Apple inagula Beats pa ndalama zokwana madola pafupifupi 3 biliyoni. Kodi mukuganiza kuti Apple inkasowa mainjiniya odziwa kupanga kasipika kolowa m'khutu? Inkagula dzina. Ndiye amene amabweza ndalama za Neymar ndi za dzinalo ndani? Ndi inu, pa kauntala.

Njira yomweyi yafika kwa ife kudzera pa zotchipa. Oraimo, ya kampani ya Transsion imene imapanganso mafoni a Tecno, itel ndi Infinix, inagwiritsa ntchito woimba wa ku Nigeria 2Baba kutsatsa katundu wake. Palibe cholakwa kuti woimba adye za luso lake. Koma nkhope ya woimba pa katoni siyisintha kalikonse pa kamvekedwe ka zimene zili m'katonimo.

Wina anena kuti chodula chimadula chifukwa chimamveka bwino. Nkhaniyi anthu anaiyeza. Mu 2017 katswiri wina, Jeroen Breebaart, anafufuza mahedifoni 283 a mitengo yosiyanasiyana, kuona mmene iliyonse imatulutsira mawu a pansi, a pakati ndi a pamwamba. Anapeza kuti mtengo sukuuzani ngati hedifoni imatulutsa mawuwo mokhulupirika. Zodula zina zinali bwino, zodula zina ayi, chimodzimodzi zotchipa. Onaninso zimene amavala anthu amene ntchito yawo ndi kumvetsera. M'masitudiyo ndi m'nyumba zoulutsira mawu zambiri padziko mupeza Sony MDR-7506, hedifoni yachingwe imene inatuluka mu 1991, yogulidwa pa madola pafupifupi 100. Ilibe batire, ilibe maonekedwe okopa, ndipo masiponji ake akatha amasinthidwa. Patha zaka zoposa 30 ikugwirabe ntchito, popanda wosewera mpira woitsatsa.

Tsono tiwerengere mu ndalama yathu. AirPods Max inatuluka mu 2020 pa mtengo wa madola 549. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, dola imodzi ku banki inafika cha m'ma K1,750. Ndiye kuti hedifoni imodziyo ndi ndalama zoposa K950,000, tisanaikepo msonkho, mayendedwe ndi phindu la wogulitsa, komanso tisananene kuti ochita malonda ambiri dola amaigula kunja kwa banki pa mtengo wokwera kwambiri. Malipiro ochepetsetsa amene boma linakhazikitsa mu 2024 anali K90,000 pamwezi. Pa malipiro amenewo, mlonda wa pa geti akanagwira ntchito miyezi khumi osadya, osalipira lendi, koma hedifoniyo osaikwanitsa. Mtengo umenewu anauikira munthu wa ku California, amene kwa iye ndi malipiro a masiku ochepa. Ife tikaulipira, timalipira ndi fetereza wa mayi kumudzi.

N'chifukwa chake ambiri a ife sitigula zenizeni. Timagula zofanizira, zimene zadzadza m'mashopu a ku Limbe ndi pa mabenchi a pa Lunzu. Apa ndiye pali chipongwe chachikulu. Sipika yopanda dzina ndi sipika yomweyo itamatidwa chilembo cha JBL zingachokere fakitale imodzi, koma yachiwiriyo mudzaigula modula. Mwalipira dzina, koma simunalandire luso la mainjiniya a kampaniyo, simunalandire waranti, simunalandire kalikonse kupatula chomata. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo pa katoni mudzaona manambala oopsa, monga 3000W, pa kasipika koyendera batire ya foni. Manambala otere nthawi zambiri amakhala a PMPO, muyeso umene kampani iliyonse imawerengera mmene yafunira. Muyeso wothandiza ndi wa RMS, ndipo umakhala wochepa kutalitali. Wogulitsa akalephera kukuuzani RMS, dziwani kuti akukugulitsani katoni.

Tiyerekeze kuti mwapeza yeniyeni, mwina achimwene anu akutumizirani kuchokera ku Joni. Mumvetsera chiyani? Nyimbo zambiri zimene zili m'mafoni athu tinazithiritsa pa memory card kwa anyamata a makompyuta pa msika, kapena zinachotsedwa pa vidiyo n'kuzungulira m'magulu a WhatsApp. Mafayilo oterewa anafinyidwa kale kuti achepe, ndipo mawu ena anatayika pofinyapo. Bluetooth nayo imafinyanso nyimbo isanafike kukhutu. Hedifoni, kaya idule bwanji, siingabweze zimene zinatayika. Zili ngati kuthira thobwa losasa m'kapu yagalasi n'kumayembekeza kuti litsekemera.

Kenaka pali nkhani ya moyo wa chipangizocho. Timahedifoni topanda chingwe tili ndi timabatire ta lithium timene timafooka tikachajidwa kambirimbiri, ndipo kutentha kumafulumizitsa kufookako. Amene anakhalako ku Chileka mwezi wa October akudziwa chimene ndikunena. Batire ya AirPods inamatidwa m'kati, moti a iFixit, amene amayesa ngati zipangizo zingakonzeke, anaipatsa 0 pa 10. Apple ilibe sitolo yakeyake kuno ku Malawi. Ikafa yafa. Yerekezani ndi hedifoni yachingwe: waya akaduka, mnyamata wokonza mafoni pa Lirangwe amawotcherera mphindi zochepa ndi ndalama yosapweteka. Siifuna kuchaja, choncho magetsi akazima, kapena ngati kwanu mawaya a ESCOM sanafike n'komwe monga zilili m'midzi yambiri ya Blantyre, nyimbo imalirabe. Kumbukirani kuti Apple inachotsa kabowo ka hedifoni pa iPhone 7 mu 2016, chaka chomwe inatulutsa AirPods. Anatseka chitsime kenaka n'kuyamba kugulitsa madzi a m'botolo.

Sindikunena kuti zipangizo zonse n'zofanana. Pakati pa timahedifoni ta pa benchi timene timalira ngati wailesi yakutha mabatire ndi hedifoni yapakatikati yopangidwa mosamala, kusiyana kulipo ndipo aliyense angakumve. Luso lotsekereza phokoso la kunja nalonso ndi lenileni. Kwa munthu amene amakwera ndege pa bwalo la Chileka mwezi ndi mwezi, lingamuthandize. Koma mukadutsa pa mtengo wapakati, ndalama iliyonse yowonjezera imagula kusintha kochepa kwambiri. Ndipo ambiri a ife sitikwera ndege. Timayenda pansi m'mbali mwa msewu wa M1, pamene mathiraki, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza zimadutsa mophaphalitsa. Pamenepo khutu losamva hutala ndi ngozi.

Chimene otsatsa malonda sanena ndi ichi: chipangizo chofunika kwambiri pomvera nyimbo ndi khutu lenilenilo, ndipo lilibe sipeya. Bungwe la WHO linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chowononga makutu chifukwa chomvera mokweza. Malangizo ake ndi oti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa mlingo wa madesibelo 80. Mukakweza kufika pa 92, nthawiyo imatsika kufika pa maola awiri ndi theka basi. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Malonda amatiphunzitsa kukonda besi yogwedeza chifuwa, ife n'kumakweza voliyumu mpaka woyandikana naye mu minibasi akuimba nawo. Tidzafika zaka 40 tikufunsa "mwati bwanji?" kawirikawiri, chilembo chija chitaiwalika kalekale.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti zimenezi zikuchitika ku Chileka, dera limene liyenera kudziwa bwino kuposa ena onse. Ku mudzi wa Singano kunachokera Daniel ndi Donald Kachamba, amene ndi gitala, chitoliro ndi besi ya chingwe chimodzi anakopa katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik mu 1967, mpaka nyimbo zawo zinakamveka ku Ulaya. Robert Fumulani anali wa komweko. Evison Matafale, amene anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, anagwedeza dziko lino ndi Kuimba, ndipo anthu ankamumvera pa makaseti ndi pa timawailesi ta mabatire. Palibe amene anati uthenga wake sukumveka chifukwa sipika inali yotchipa. Black Missionaries ndi Anthony Makondetsa apitiriza mpaka lero. Koma mnyamata yemweyo amene wapereka ndalama zambirimbiri kwa kampani ya ku America amakana kulipira pa geti ya shoo, amakopera chimbale ulele, ndipo COSOMA amangoimva pa wailesi. Ndalama yoimvera nyimbo ilipo, koma yopatsa woimba palibe. Kumeneko ndi kulemekeza mbale n'kunyoza wophika.

Ndiye anzanga, mukafuna kugula, chitani izi. Pitani ndi foni yanu ndi nyimbo imene mumaidziwa bwino, makamaka ya mawu ndi gitala. Muuzeni wogulitsa akuyeseni ziwiri kapena zitatu, mutseke maso, mnzanu azikusinthirani osakuuzani dzina. Funsani ngati waya, masiponji kapena batire zimasinthika. Funsani RMS. Wogulitsa akakana kuti muyese, tulukani. Ndalama yotsalayo gulani mabuku, tumizani kumudzi, kapena lipirani pa geti Ma Blacks akabwera kudzaimba. Ngati mukufunabe chilembocho kuti anthu akuoneni, gulani ndithu, ndalama ndi zanu. Koma nenani zoona kuti mwagula chovala, monga tcheni kapena wotchi. Musatinamize kuti ndi za nyimbo.